Kabokosi Kabodza M'manja mwa Che Swaibu

Nyumba ya Che Swaibu inali yoti ukalowamo ndi nkhawa umatuluka mtima uli m'malo. Sinali yaikulu, zipinda zitatu basi, kuseri kwa msika wa pa Boma pa Machinga. Akazi awo, a Salima, sindinawamvepo akukweza mawu. Ana aakazi awiri anakwatiwa ku Chikweo, pakhomo n'kutsala mzime wawo, Akimu. Mnyamatayu analeredwa bwino. Ankadziwa nthawi za swala, mapemphero a Chisilamu, chinthu ankalandira ndi manja awiri, ndipo akakumana ndi wamkulu panjira ankatsika panjinga kuti apereke moni.

Ine ndine Ambrose, telala. Kwa zaka khumi ndi zinayi makina anga osokera akhala pa khonde limodzi ndi shopu ya Che Swaibu, m'mbali mwa msewu wa ku Zomba. Iwo Asilamu, ine wa ku tchalitchi, koma tiyi tinkathira wa mu ketulo imodzi. Nkhaniyi ndinaiona ndi maso angawa, ndipo maso amenewo sanapulumutse munthu. N'chifukwa chake ndikuilemba mtima ukundiwawa.

Ntchito ya Che Swaibu inali yoika mawailesi, masipika ndi maamplifaya m'magalimoto. Madalaivala ankachokera ku Liwonde, ku Ntaja, ena mpaka ku Balaka, kudutsa amisiri ena panjira. Iwo ankati, "Kwa Che Swaibu sikununkha utsi." Ndipo zinali zoona. Zaka makumi atatu, wailesi ngakhale imodzi sinapsepo m'manja mwawo.

Kenako matenda a shuga anawadya maso. Poyamba anasiya kuona tinambala ta pa fyuzi, kenako mitundu ya mawaya, pamapeto pake nkhope zathu. Anatsala ndi makutu ndi zala. Koma zala zake zimenezo, abale! Akangogwira waya ankadziwa kunenepa kwake. Akapapasa polumikiza ankadziwa ngati pawotchereredwa bwino kapena pangopotedwa mwaulesi. Zala zija ndizo zinkadyetsa banja, ndizonso zinkawapangitsa kudzimva kuti akadali munthu pakati pa anthu.

Akimu atalemba mayeso a Folomu Folo anabwera kudzakhala maso a bambo ake. Lamulo linali limodzi: mnyamata alumikize, koma dashibodi isatsekedwe mpaka zala za bambo zitayendera paliponse.

Tsiku limene ankamuphunzitsa za kabokosi kena kake ndikulikumbukira, chifukwa ndinasiya kupalasa makina kuti nanenso ndimve.

"Gwira mawaya awiriwa," anatero Che Swaibu. "Wailesi yobwera ndi galimoto kuchokera ku Japan imatumiza mawu ku sipika pa mawaya awiri, ndipo onse awiri ndi amoyo. Ali ngati amayi awiri osinja mumtondo umodzi. Uyu akatsitsa musi, mnzake akukweza. Palibe wakhala pansi. Wamva?"

"Ndamva, Baba."

"Tsono amplifaya zimene madalaivalawa amagula zimalandira mwina. Zimafuna waya mmodzi yekha wamoyo, winayo agone pa chitsulo cha galimoto, pa bodi. Iwe ukatenga mmodzi wa mawaya amoyo aja n'kumugoneka pa bodi, wachita chiyani?"

"Ndapangitsa shoti."

"Eya. Wailesi imayamba kutentha. Ina imadzizimitsa yokha, ina imalimba masiku angapo, ina imapsa pomwepo. N'chifukwa chake pakati timaikapo nkhoswe iyi."

Anatulutsa kabokosi kakuda, kukula kwake ngati sopo wosambira. Mbali ina kanali ndi mawaya anayi, mbali inayo mapulagi awiri, lofiira ndi loyera. Ena amakatchula konveta.

"M'katimu muli timathiransifoma tiwiri ta mkuwa," anatero. "Mawu amawoloka, koma mawaya a mbali iyi sakhudzana ndi a mbali iyo. Nkhoswe imalandira nkhani kuno n'kukaitula uko, eni ake osagwirana pakhosi." Anakadumphitsa pang'ono pachikhatho. "Ukumva kulemeraku? Ndi mkuwa umenewo. Kopepuka usakakhulupirire. Ndipo china: fyuzi ikapsa, ikukuuza kanthu. Usaitseke pakamwa. Funa chimene chaipsereza."

"Sindidzaiwala, Baba."

Ndipo sanaiwale. Chomvetsa chisoni n'chimenecho. Zonse zimene anachita pambuyo pake anazichita akudziwa.

Kawiri pamwezi Akimu ankatumidwa ku Balaka kukatenga katundu kwa wamalonda wina wooda ku Lilongwe. Kumeneko, pafupi ndi depoti, kunali mnyamata wina dzina lake Sammy, amene ankayala benchi ya machaja, mababu ndi tizipangizo ta m'magalimoto. Pakamwa pake panali potsekemera, mtima ngati una wa njoka.

"Aise, si iwe mwana wa mdala wosaona uja wa pa Machinga?" anamufunsa tsiku lina. "Ndimamva mbiri yako. Ntchito yonse ukugwira ndiwe, dzina n'kumatchuka la iwowo. Taona nsapato zako. Khala apa, umweko kozizira."

"Iyayi, mowa ndi haramu, Chisilamu chimaletsa."

"Haramu waisiya ku Machinga, aise. Kuno ndi ku Balaka."

Akimu anaseka, n'kukana. Ulendo wachiwiri anakhala pa benchi, n'kumwa cha shuga. Ulendo wachitatu botolo linali lina, ndipo anabwerera kwawo akutafuna chingamu kuti abise fungo.

Ulendo wachinayi Sammy anasuzumira m'chikwama.

"Timabokosi iti timayenda malonda kuno. Undisiyire tiwiri."

"Baba amatiwerenga ndi manja."

"Awerenga tomwe uwapatse." Sammy anakoka thumba pansi pa benchi. Munali timabokosi takufa, tochotsedwa m'magalimoto akale, tofanana ndendende ndi tatsopano tija. "Tsegula, ukhuthule zam'kati, mawaya ulumikize mwachindunji, utseke. Nyimbo zimvekabe. Mdala wako amaona ndi chiyani?"

"Ndi zala."

"Zala zimalowa m'kati mwa kabokosi?"

"Amayesa kulemera kwake."

Sammy anawerama n'kutola nati ya dzimbiri pansi. Anaiika m'dzanja la Akimu n'kumupinda zala.

"Nawu mkuwa wako."

Tsiku limenelo Akimu anabwera atavala nsapato zoyera mbee. Kwa amayi ake anati anapatsidwa ndi mnzake wa kusukulu.

Ine ndinamupeza patapita sabata. Anali masana, Che Swaibu atapita ku mzikiti. Ndinazungulira kuseri kwa shopu kukataya makala a mu ayironi, ndipo ndinamuona atanjuta, kabokosi kali yasa pa njerwa, akukulunga nati ndi tepi yakuda kuti isamagogode.

"Akimu, n'chiyani chimenecho?"

"Ndikukonza, ankolo."

"Ine ndine telala, koma tsiku lija ndinamva. Mkuwa uli kuti? Ukufuna kunamiza zala za bambo ako?"

Anandiyang'ana ndi maso amene sindinawaonepo pankhope pake.

"Ankolo, sokani zigamba zanu. Za mawaya zisiyeni."

"Mwana iwe, wakutsina khutu ndi mnansi. Ukapitiriza ndikawauza."

"Kawauzeni. Shuga wawo akakwera n'kugwa, mudzakhala mwawapha ndinu."

Ndinabwerera pa makina, ndipo Che Swaibu atafika n'kundifunsa ngati tiyi alipo, ndinati alipo. Ndinadziuza kuti za m'nyumba ya eni sizilowereredwa, kuti mnyamata asiya yekha. Linali bodza lodzitonthoza nalo. Ndinachita mantha basi, ndipo limenelo ndi tchimo langa m'nkhaniyi.

Timabokosi tabodza tinayamba kulowa m'magalimoto a anthu. M'magalimoto ena nyimbo zinkamveka ndithu, ndipo Akimu analimba mtima. Koma pasanathe mwezi madalaivala anayamba kubwerera.

Wina wa ku Liwonde analiza injini pakhonde pathu n'kuti, "Tamverani, Che Swaibu. Ndikaponda mafuta kaphokoso kakulira m'masipika, ndikasiya kakutsika."

Che Swaibu anapendeketsa mutu. "Muli udzudzu m'galimoto muno. Akimu, nkhoswe unaika?"

"Ndinaika, Baba. Vuto ndi alitaneta yawo."

"Tatsegula ndigwire."

Anapisa dzanja kuseri kwa wailesi, anakapeza kabokosi, anakatukula pang'ono. Kanali kolemera. Anatsatira mawaya mpaka polowera. Zonse zinali m'malo mwake. Kenako analankhula motsitsa mawu.

"Nkhoswe ilipo. Kapena makutu anganso ayamba kutha."

Ndinaponda makina mwamphamvu kuti ndisamve zambiri. Munthu wamkulu, katswiri, akudzikayikira yekha chifukwa cha nati ya dzimbiri! Akimu anali chilili pambali, akusewera ndi foni yatsopano.

Patapita masiku wailesi ya dalaivala wina inafera ku Ntaja, ndipo mwini wake anauza aliyense pa siteji kuti kwa Che Swaibu kwayamba kununkha utsi.

A Salima nawo anali ataona zawo. Tsiku lina anabwera ndi chakudya cha masana, amuna awo kulibe, ndipo anamuitanira mwana wawo pakona ya khonde. Ankalankhula motsitsa, koma ndinamva.

"Akimu, malaya ako ndimachapa ndine. Fungo lija ndikulidziwa. Lachisanu lapitali ku mzikiti sunaoneke. Nsapato, foni, zikuchokera kuti?"

"Amayi, mwayamba kumvera mabodza a atelala."

"Atelala sanandiuze kanthu. Ndakubala ndine. Iwe ndiwe maso a bambo ako, mwanangu. Maso akayamba kunama, munthu amagwera m'dzenje. Chonde, ndakugwira mwendo."

"Ndatopa nazo zondilondalonda ngati mwana," anatero, n'kuchokapo chakudya osachikhudza.

A Salima anapukuta misozi ndi nsonga ya mpango. Anandiyang'ana, ine n'kuyang'ana pansi. Nawonso sanawauze amuna awo, poopa shuga yemwe uja. Tonse awiri tinkati tikuwateteza.

Che Swaibu sankaona, koma sanali opusa. Madzulo ena tikutseka anamugwira mwana wawo pamkono.

"Mwanangu, zala zangazi zimangofika pamwamba. Za m'kati ndimadalira iwe. Ukadzandinamiza, ine sindidzadziwa. Koma Allah adzadziwa, ndipo waya nayenso adzadziwa. Pali chimene ukufuna kundiuza?"

Khomo linali limenelo, lotseguka.

"Palibe, Baba."

"Alhamdulillah," anatero bambo ake, n'kumusisita paphewa.

La fote linakwana Lachisanu lina m'mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Kunabwera a Hamadi, dalaivala wa ku Kawinga, kasitomala wakalekale. Anabweretsa amplifaya yaikulu ndi sipika ya bezi yodzaza buti. Lamlungu galimoto yawo inkayenera kunyamula mkwatibwi, mlongo wawo Fauziya, ndipo ankafuna kuti mudzi wonse umve kuti akubwera.

"Anthu andiletsa kubwera kuno," anatero a Hamadi. "Ndawauza kuti ine ndimadziwa manja a Che Swaibu."

"Simudzachita manyazi, inshallah," anayankha mkulu uja.

Nthawi ya swala ya Ijumaa itakwana, awiriwo ananyamuka kupita ku mzikiti. Akimu anati awatsatira akamaliza. Atangokhota, anatenga kabokosi kenikeni n'kukaponya m'chikwama chake, kabodza n'kukalumikiza. Anayatsa. Nyimbo inalira pang'ono, kenako zii. Fyuzi ya wailesi inali itapsa. Anaika ina, nayonso inapsa. Foni yake inalira, ndipo ndinamumva akuti, "Ndikubwera, aise, mundisungire nyamayo."

Anaponya mafyuzi awiri akupsa mu ngalande. Kenako anadula kachidutswa ka waya wonenepa wa mkuwa, anakapinda, n'kukalowetsa pamalo pa fyuzi, pansi pa chiwongolero. Nyimbo inabwerera.

"Akimu," ndinamuitana, "bambo ako anati chiyani za fyuzi?"

Anangopitiriza ntchito yake.

Atabwerako ku mzikiti, Che Swaibu anakhala pampando wakutsogolo. Wailesi inali ikulendewera, dashibodi isanatsekedwe, monga mwa lamulo lawo. Zala zija zinayamba ulendo wake. Zinapapasa polumikiza paliponse, zinapeza kabokosi, zinakayesa kulemera. Ku mafyuzi sizinapite. Zikanapitako kukatani, poti mwana wawo anali atanena kuti zonse zili bwino?

"Ntchito yabwino, mwanangu."

"Baba, tepi yatha. Ndikagule."

Anatenga chikwama chake n'kulunjika ku siteji ya minibasi.

A Hamadi anakweza voliyumu. Bezi inagunda mpaka chitini changa cha mapini chinayamba kuvina patebulo. Anaseka, anakwezanso. Mwadzidzidzi mawu anasasa, anang'ambika, n'kuzima. Che Swaibu anakweza mphuno.

"Zimitsani! Chotsani kiyi!"

A Hamadi anachotsa kiyi, koma utsi sunasiye. Wailesi ili ndi waya wina amene amatenga moto ku batire ngakhale galimoto itazimitsidwa, ndipo amene akanaudula moto umenewo ndi fyuzi. Utsi wakuda unayamba kufuka m'dashibodi.

"Batire! Masulani batire! A Ambrose, sipanala ya teni, pa msomali wachitatu!"

Ndinathamangira mu shopu. Pa msomali wachitatu panalibe kanthu. Ndinagwetsa zitini, ndinakhuthula mabokosi. Panja a Hamadi ankalimbana ndi mutu wa batire ndi zala zokha, koma unali womangidwa zolimba. Sipanala inali m'thumba la Akimu. Anaiwala kuibweza chifukwa cha changu cha ku Balaka.

Che Swaibu sanadikire. Ankadziwa kuti akangozula fyuzi zonse zitha. Anagona chammbali, anapisa dzanja pansi pa chiwongolero, n'kuwerenga mafyuzi ndi chala mpaka pa ya wailesi. Chala chimene chinkayembekezera kapulasitiki kozizira chinakumana ndi mkuwa wofiira ngati khala.

Kukuwa kwake sindidzakuiwala. Komabe sanatuluke. Galimoto inali ya munthu amene anawakhulupirira, ndipo malawi anali atayamba kuoneka. Anapisa manja onse awiri m'dashibodi, anagwira mtolo wonse wa mawaya oyaka, n'kuyamba kukoka. Pulasitiki yosungunuka inawamatirira m'zala ngati phula. Ine ndinawagwira m'chiuno kuti ndiwatulutse, iwo osasiya. Anakoka mpaka mawaya anaduka, tonse awiri n'kugwera pakhonde.

Anthu a mu msika anathira mchenga, moto n'kuzima. Kabokosi kaja kanali katatuluka limodzi ndi mawaya. Kanamenya simenti n'kusweka pakati, ndipo nati inagubuduzika, ngwee ngwee ngwee, mpaka pa mwendo wa makina anga.

Che Swaibu anali atakhala pansi, manja ali m'mwamba.

"Chagwa n'chiyani?" anafunsa. "Ndamva nati. Nati ikuchokera kuti m'kabokosi?"

Nthawi yomweyo Akimu anatulukira akuthamanga kuchokera ku siteji, atamva phokoso, sipanala ya teni ili m'manja. Anaona manja a bambo ake, anaona nati, ndipo anatembenuka n'kuthawa.

Tinawatengera kuchipatala. Bala la munthu wa shuga silipola msanga. Anakhalako masabata asanu ndi awiri, a Salima akugona pansi pambali pa bedi. Madokotala anayesetsa, koma zala zitatu anazidula, ziwiri kumanja, chimodzi kumanzere. Zotsalazo zinapola zopindika, khungu louma gwa, zosamva kutentha kapena kuzizira. Ndinkapita tsiku lililonse ndi mabanzi, n'kumangokhala. Panalibe chimene ndikanachita. Nthawi yochita kanthu inali itadutsa ndili pa makina.

Tsiku lina ndinalephera kupirira.

"Che Swaibu, ine ndinkadziwa. Ndinamuona akuika nati. Ndinaopa kukuuzani."



"A Ambrose, inu munali ndi maso," anatero. Kunali bwino akanandimenya.

Akimu anali atathawira ku Balaka. Zimene zinachitika kumeneko anandiuza yekha pambuyo pake. Anafika pa benchi ya Sammy akulira, n'kufotokoza zonse.

"Ndiye ukundiuza ine kuti nditani?" anatero Sammy. "Kabokosi ndinakulumikizira ndine? Fyuzi ndinachotsa ndine? Ine ndimagula ndi kugulitsa basi. Choka apa, ukundithamangitsira makasitomala."

"Koma unati nyimbo zimvekabe."

"Sizinamveke? Aise, mdala ndi wako, si wanga."

Anazungulira m'tauni ya Balaka milungu yonseyo, akunyamula katundu wa anthu pa depoti kuti adye. Nsapato zoyera anazigulitsa, foni anamubera. Chinthu chimodzi chokha sanachisiye: kabokosi kenikeni kaja kamene kanayenera kulowa m'galimoto ya a Hamadi.

Akimu anabwerera kwawo Che Swaibu atatuluka m'chipatala. Kunali chakumasana, ine nditapita kukawaona. Mkulu uja anali pa mkeka pakhonde la nyumba, manja ali pa maondo, zikhatho zitayang'ana kumwamba, chifukwa analibe pena poziika. Akimu analowa pa mpanda wowonda, wakuda ndi fumbi. A Salima anagwira pakamwa. Mnyamata anayenda chogwada kuchokera pa mpanda mpaka pa mkeka.

"Baba."

"Ndamva mapazi ako usanalowe."

"Baba, ndinali ine. Timabokosi ndinkagulitsa ku Balaka. Ndinkaika manati. Fyuzi ndinaitseka ndi waya. Makutu anu sanathe, Baba, munkamva zoona. Ndinkamwa mowa. Ndikhululukireni."

Anatulutsa kabokosi m'thumba n'kukaika pa zikhatho zija.

"Aka ndi kenikeni. Sindinakagulitse."

Che Swaibu anakatukula pang'ono monga ankachitira kale. Anayesa kukagwira m'mbali, koma zala zinakana kupinda, ndipo kanatsetsereka n'kugwera pa mkeka.

"Kulemera ndinakukhulupirira kale, kunandinamiza," anatero. "Zala zoti zitsegule n'kufufuza m'kati ndilibenso. Ukati ndi kenikeni, ndivomera. Ukati kwacha, ndivomera. Ukati awa ndi mankhwala anu, ndimwa. Maso anapita, zala zapita. Chimene ndatsala nacho ndi pakamwa pako, mwanangu, pomwe paja."

Akimu anagwetsa nkhope pa mapazi a bambo ake n'kulira ngati pamaliro.

"Ndakukhululukira," anatero mkulu uja, "chifukwa nanenso ndikufuna Allah andikhululukire. Koma chikhululuko sichimeretsa chala. Dzuka, nthawi ya swala yayandikira. Sindingathe kudzisambitsa ndekha."

Shopu ija inatsekedwa. Akimu anayesa kuitsegula, koma palibe dalaivala amene ankafuna kuimika galimoto yake pakhonde pathu. A Hamadi sanakasume kulikonse. Anangoti zimene zawagwera Che Swaibu zakwana, ndipo mkwatibwi wawo anakwera galimoto ya munthu wina. Lero Akimu amamata matayala a njinga pansi pa mtengo pafupi ndi msika. Mowa anasiya, ku Balaka sapondako. Kulapa analapa ndithu, ndipo ndikuthokoza Mulungu chifukwa cha chimenecho.

Koma kasanu pa tsiku, nthawi ya swala ikakwana, amasiya ntchito n'kupita kunyumba. Amatenga ketulo ya madzi, amagwada, n'kusambitsa manja a bambo ake, chifukwa Msilamu sapemphera asanasambe m'manja. Amatsuka chala chilichonse chotsala, n'kudutsanso pamene panali zitatu zija. Kasanu pa tsiku amaona chimene anagula ndi nsapato zoyera. Ine ndikamuona akudutsa ndi ketulo ija, ulusi umandisokonekera.

Tsono iwe mnyamata, iwe mtsikana amene ukuwerenga, ndikuuza mosabisa. Usabere munthu amene wakukhulupirira, makamaka amene sangathe kukugwira. Kuba kumayamba ndi botolo limodzi ndi mnzako wa pakamwa potsekemera, ndipo tsiku la moto mnzakoyo sadzakudziwa. Akakuchenjeza makolo, fyuzi yako ndi imeneyo, usaitseke pakamwa. Ndipo iwe amene ukuona mwana wa mnzako akusochera, lankhula lero, ngakhale akutukwane. Ine ndinakhala chete kuti Che Swaibu asamve kuwawa. Nati ija ndinaitola, ili m'chitini changa cha mapini, ndipo mkulu amene ankamwa nane tiyi lero sangathe kugwira kapu.